Kuyenda Ngati Fulu, Nyumba Ili Kumsana

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOWULUTSA: Lero nkhani yathu ili ku England, m'dera lotchedwa Derbyshire, ndipo ndi ya anthu awiri, bambo ndi mayi, amene anapuma pa ntchito.

Kwathu kuno munthu akalandira ndalama zake za penshoni, abale safunsa zambiri. Funso limakhala limodzi: malata mwagula? Kumeneko, anthu ambiri akamafika msinkhu umene boma la Britain limayamba kupereka penshoni ya ukalamba, nyumba amakhala ali nayo kale, ana anachoka kalekale, ndipo chimene chatsala ndi nthawi. Ena mwa iwo amagula galimoto yogonamo, imene eniake amaitcha campervan, n'kumangirira njinga ziwiri kumbuyo, n'kuyamba kuyendayenda m'midzi ya dziko lawo.

Banja limene ndikunenali ndinakumana nalo m'mwezi wa Juni, nditapita kukacheza kwa mlongo wanga ku Sheffield. Loweruka lina tinakwera basi kupita ku Bakewell, katauni kakang'ono ka m'mphepete mwa mtsinje wa Wye. Titayenda pang'ono kutuluka m'tauni, tinaona magalimoto atatu ataima pa msipu kuseri kwa famu. Pa imodzi mwa magalimotowo chitseko chinali chotsekula, ketulo ikulira, ndipo mayi wina wa imvi mutu wonse anali atayala mapu patebulo, atawapsinja ndi kapu kuti asauluke. Ine ndi chibwana changa ndinaima n'kumasuzumira. M'malo mondithamangitsa anandiitana kuti ndidzaone mkati.

Kukula kwake ili ngati minibasi zija timapanikizanamo pa msewu wa ku Ndirande. Koma muno okwera ndi awiri basi. Mipando iwiri yakutsogolo imatembenuka n'kuyang'ana kumbuyo, pomwepo mwapeza pabalaza. Mpando wautali wakumbuyo ukaukoka umagona n'kukhala bedi. Denga limatukuka ngati chivindikiro cha sutikesi kuti munthu athe kuimirira osagunda mutu. M'mbali muli chitofu cha gasi cha mafuwa awiri, kasinki, kafiriji, ndi thanki ya madzi. Mabatire alimo awiri, lina loyatsira injini, lina la magetsi a m'nyumba, kuti mukawerenga usiku wonse musadzuke m'mawa galimoto itakana kulira. Chimbudzi chiliponso, kabokosi kokhala ndi thanki yake imene amaisolola n'kukakhuthula pamalo oikidwira zimenezo. Mayiwo anandiuza akuseka kuti pa zaka zonse za ukwati wawo, ntchito imodzi yokha imene sinakambidwepo kuti ndi ya yani ndi imeneyo. Ndi ya bambo.

Chinthu chimodzi chinandidabwitsa. Bambowo poitana akazi awo ankati "duck", kutanthauza bakha. Ndinaganiza kuti ndamva molakwika. Mlongo wanga anandinong'oneza kuti m'dera limenelo ndi mawu achikondi, ndipo ngakhale wogulitsa m'sitolo akhoza kukutchula choncho. Inu abambo amene mukumvera, musayesere zimenezi kunyumba, nsima mungaione patali.

Malo amene anaimikawo si a wamba. Ku Britain kuli mabungwe awiri akuluakulu a anthu oyenda chonchi. La Camping and Caravanning Club linayamba mu 1901, ndipo linalo, limene lero limatchedwa Caravan and Motorhome Club, linayamba mu 1907. Mabungwewa amaloledwa kupereka chiphaso kwa mlimi kuti alandire magalimoto ogonamo osapitirira asanu pamunda wake. Mlimi amapereka mpopi wa madzi ndi dzenje lotayira zonyansa, nthawi zina ndi waya wa magetsi, n'kulandira kangachepe usiku uliwonse. Mwambowu ndi wakale kuposa galimoto yeniyeniyo. Mu 1885 dokotala wina wa ku Scotland, William Gordon Stables, amene anagwirapo ntchito pa sitima zankhondo zapamadzi, anakhomeretsa ngolo yogonamo yokokedwa ndi mahatchi awiri, naitcha The Wanderer. Anayenda nayo kuchokera kum'mwera kwa England mpaka ku Inverness, wantchito wake akutsogola pa njinga ya matayala atatu kukaona ngati msewu uli bwino. Ya injini inadzatchuka pambuyo pa nkhondo yachiwiri, kampani ya Volkswagen itayamba kupanga kombi mu 1950, ndipo chaka chotsatira kampani ya Westfalia itayamba kuikamo mabedi ndi makabati.

Koma mukawafunsa awiriwa chimene amakonda pa galimoto yawo, yankho lake ndi lodabwitsa: amakonda kuisiya. Akafika pamalo amaimika masiku anayi kapena asanu osaliza injini. Galimoto ndi pogona ndi pophikira chabe. Ulendo weniweni ndi wa miyendo.

(Nyimbo yaifupi)

WOWULUTSA: Tsiku limenelo ankapita kukapalasa pa njira yotchedwa Monsal Trail, ndipo ife tinabwereka njinga pa siteshoni yakale ya Hassop n'kuwatsatira. Ndati siteshoni chifukwa njira imeneyi inali njanji. Mu 1963 munthu wina dzina lake Richard Beeching analemba lipoti lolimbikitsa boma kutseka njanji zimene sizinkabweretsa phindu, ndipo m'zaka zotsatira mizere yambiri inazulidwa m'dziko lonselo. Iyi yodutsa ku Bakewell, imene inkalumikiza London ndi Manchester, inatsekedwa mu 1968. Zitsulo zitachotsedwa panatsala msewu wosalala, ndipo mu 1981 unatsegulidwa kuti anthu aziyendamo pansi, pa njinga, ngakhale pa hatchi. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 14.

Apa mpamene pali chinsinsi cha nkhalamba zopalasa. Sitima siikwera chitunda chowongoka. Amene anamanga njanji zaka zoposa 150 zapitazo anagumula mapiri n'kukwirira zigwa kuti mzere ukhale wathyathyathya. Lero thukuta la anthu amenewo likupumitsa mawondo a agogo. M'dera la mapiri okhaokha, munthu wa zaka 71 akupalasa osapuma wefuwefu, ndipo palibe lole yomuopseza kumbuyo.

Mutapalasa pang'ono kuchoka ku Hassop, njira imalowa pansi pa phiri. Ngalande imeneyi, ya Headstone, ndi yaitali pafupifupi theka la kilomita. Inakhala yotseka zaka zambiri, mpaka mu 2011 pamene inakonzedwa pamodzi ndi zinzake zitatu n'kuikidwa magetsi. Mukalowa mumamva kuzizira kukugwirani m'makutu, madzi akudontha kuchokera kudenga, mabelu a njinga akumveka kawiri. Kenako kuwala kumaonekera kutsogolo, ndipo mukatuluka mumapezeka muli pamwamba pa mlatho wamiyala wautali, mtsinje uli pansi kutali, ng'ombe zikuoneka ngati mbuzi. Mlathowu unamangidwa mu 1863, ndipo wolemba mabuku wotchuka wa nthawiyo, John Ruskin, anakalipa kwambiri kuti njanji yawononga chigwa chokongola. Lero anthu amachokera kutali kudzajambula mlatho womwewo.

Pamlathopo mpamene ndinaona kuti njinga za awiriwa n'zosiyana. Ya mayi ili ndi batire ndi kamota. Lamulo la kumeneko limati kamota kotere kasapitirire mphamvu ya mawati 250, ndipo kazisiya kukankha njinga ikafika liwiro la makilomita 25 pa ola. Ikatero imawerengedwa ngati njinga wamba, yosafuna laisensi. Sikuti imayenda yokha, kupalasa mumapalasabe, koma chitunda chimafewa. Mayiwo anagula yawo nyamakazi itayamba kuwavuta m'chiuno. Bambo anakana. Akuti iwo adakali ndi mphamvu. Mayi anangondiyang'ana n'kunena kuti pa chitunda chilichonse amakafika pamwamba, n'kutsegula fulasiki, n'kumwa tiyi, mphamvu zija zisanatulukire.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, mwa mlingo woti mtima ugunde mofulumirirapo koma akutha kulankhula. Kwa amene apitirira zaka 65 limawonjezera kuti masiku atatu pa sabata azichita zolimbitsa minofu ndi zothandiza kuti asamadzandire, chifukwa kugwa ndi kumene kumagoneka okalamba ambiri. Agogo athu amene amalima ndi kupita kuchigayo wapansi amapitirira muyezo umenewu osaudziwa n'komwe. Amene ndikuwadera nkhawa ndi anzanga a m'tauni, opuma pa ntchito ya mu ofesi, amene ulendo wawo wautali pa tsiku ndi wochoka pa sofa kukatsegula geti.

(Nyimbo yaifupi)

WOWULUTSA: Tsopano tifike pa chimene ine ndinachiona kuti n'chachikulu kuposa galimoto ndi njinga zomwe. Tsiku lachiwiri awiriwa amasiya njinga n'kuyenda pansi. Amadutsa m'minda ya eni, pakati pa nkhosa za eni, nthawi zina pakhomo penipeni pa mlimi, ndipo palibe amene amawafunsa kuti mukufuna chiyani. Minda ya kumeneko ndi yotchingidwa ndi mipanda ya miyala yosanjikiza popanda simenti kapena dothi. Pamene njira ikudutsa mpanda, pamakhala timiyala totuluka ngati makwerero, kapena kampata kopapatiza koti munthu adutse koma nkhosa ikanike. Pamtengo pamakhala kamuvi. Kachikasu kakutanthauza njira ya oyenda pansi okha. Kabuluu kakutanthauza kuti hatchi ndi njinga nazonso zikhoza kudutsa. Njira zonsezi zinajambulidwa pa mapu a Ordnance Survey, amene mayi aja anayala patebulo, pomwe masentimita anayi akuimira kilomita imodzi ndipo ngakhale mpanda uliwonse ukuoneka. Mwini munda saloledwa kutseka njira yoteroyo, ngakhale malowo ndi ake.

Ufulu woyenda m'mapiri sunagwe kuchokera kumwamba. Chakumpoto kwa Bakewell kuli phiri la Kinder Scout. Ndikati phiri musaganize za Mulanje. Nsonga yake ili pa mamita 636, pamene Sapitwa ili pa 3,002, ndipo mzinda wa Lilongwe womwewu uli pamwamba kuposa Kinder. Koma kwa anyamata ndi atsikana ogwira ntchito m'mafakitale a Manchester ndi Sheffield, amene sabata yonse ankapuma utsi wa malasha, phiri limeneli linali mpweya wabwino wa Lamlungu. Vuto linali lakuti eni malo, anthu olemera, analisunga kuti aziwomberako mbalame zotchedwa grouse, zofanana ndi nkhwali, masiku owerengeka pa chaka. Alonda okhala ndi ndodo ankabweza aliyense.

Pa 24 Epulo 1932 anthu mazana angapo anasonkhana pafupi ndi mudzi wa Hayfield n'kukwera phirilo dala, masana dzuwa likuswa mtengo. Wowatsogolera anali Benny Rothman, mnyamata wa zaka 20. Anakankhana ndi alonda, ndipo potsika apolisi anagwira ena mwa iwo. Asanu anaikidwa m'ndende, chilango chachikulu chinali miyezi isanu ndi umodzi. Oweruza ankaganiza kuti aopseza ena onse, koma kumangidwako n'kumene kunautsa mkwiyo wa anthu amene poyamba analibe nazo ntchito. Zinatenga nthawi, nkhondo inadutsa pakati. Mu 1949 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la malo osungidwa a dziko ndi la njira za m'midzi, ndipo mu 1951 dera lomweli la Peak District linakhala loyamba kusungidwa chotero. Mu 1965 anatsegula Pennine Way, njira ya oyenda pansi ya makilomita oposa 400, imene imayambira ku Edale, m'tsinde mwa Kinder, mpaka kukalowa ku Scotland. Koma lamulo lolola munthu kuyenda momasuka m'mapiri ndi m'zipululu za England ndi Wales, osati pa kanjira kokha, linadza mu 2000. Rothman anali adakali moyo. Anamwalira mu 2002.

Ndikamakumbukira timivi tija, ndimaganiza za njira zachidule za m'matauni mwathu, zimene tinkadutsa popita kusukulu, lero munthu wagula puloti n'kumangapo mpanda wa njerwa, amayi opita kumjigo akuzungulira mtunda wowirikiza. Njirazo sizinalembedwe paliponse, n'chifukwa chake zimafa popanda mlandu.

Ulendo wapansi umene mayiwo anaukonda koposa ndi wa ku Eyam, mudzi wa pafupi pomwepo. Mu 1665 telala wa m'mudzimo analandira mtolo wa nsalu kuchokera ku London, kumene kunali mliri wa makoswe, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kufa. M'busa wa pamalopo, William Mompesson, pamodzi ndi mnzake Thomas Stanley, anagwirizana ndi anthu kuti pasapezeke wothawa, kuopa kukafalitsa matendawo m'midzi ina. Anadzitsekera okha. Anthu pafupifupi 260 anamwalira mliri usanathe mu 1666. Mukatsata kanjira kopita ku Stoney Middleton mumapeza mwala waukulu wokhala ndi timaenje pamwamba. M'timaenjemo anthu a ku Eyam ankathiramo viniga n'kuikamo ndalama, ndipo a midzi yoyandikana ankasiya chakudya pambali n'kutenga ndalamazo osakumana nawo maso ndi maso. Mwalawo uli pamtetete, pakati pa msipu. Wa pagalimoto sangauone. Mayiwo akuti anapisa chala m'kadzenje kamodzi, n'kukhala chete nthawi yaitali, chifukwa anakumbukira 2020, pamene ankaona zidzukulu zawo kudzera pawindo.

(Nyimbo yaifupi)

WOWULUTSA: Moyo umenewu uli ndi minga yake, ndipo woyamba tikuudziwa bwino kwathu kuno. Chitofu cha gasi chikamayaka m'malo otsekeka chimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu amene agona ndi mbaula m'nyumba m'mwezi wa Juni. Sununkha, suoneka. Munthu amangomva mutu ndi tulo. N'chifukwa chake m'galimoto yawo muli kachipangizo kolira kakamva mpweyawo, ndipo chitofu sachiyatsa kuti awothe, kaya kuzizire bwanji. Pophika amatsegula windo.

Wachiwiri ndi kulemera. Laisensi wamba ya ku Britain imalola galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 pamodzi ndi katundu. Amene anakhoza mayeso chisanafike chaka cha 1997 ali ndi chilolezo cha yokulirapo, koma akafika zaka 70 laisensi imayamba kukonzedwanso zaka zitatu zilizonse, ndipo kuti asunge chilolezo cha yaikuluyo ayenera kupimidwa ndi dokotala. Ambiri amangosankha yaing'ono. Ndiye chilichonse chimawerengedwa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho pa msewu amayenda thanki ili theka n'kukadzaza akafika. Mapoto ndi awiri, mbale zinayi. Bambo anadandaula kuti bokosi lawo la zipangizo linatsala kunyumba koma mabuku a mayi anakwera onse.

Wachitatu ndi anthu a m'midzi imene akudutsamo. Kumpoto kwa Scotland kuli msewu wozungulira wotchedwa North Coast 500, wa makilomita oposa 800, woyambira ndi kuthera ku Inverness, umene unayamba kulengezedwa kwa alendo mu 2015. Unatchuka mofulumira kuposa mmene midzi ikanathera kulandira. Mbali zambiri msewuwo ndi wa galimoto imodzi, wokhala ndi timalo topatukira, ndipo mlendo wosadziwa amayenda pang'onopang'ono akuona nyanja, kumbuyo kwake kuli namwino wothamangira wodwala. Ena amagona pamalo popatukirapo. Ena, ndi manyazi ndikunena, amakhuthula kabokosi kaja m'tchire. Lamulo la Scotland la 2003 limapatsa munthu ufulu waukulu woyenda pansi ndi kumanga tenti, koma ufuluwo sukhudza galimoto, ndipo ambiri amanamizira kusadziwa. Awiri athuwa anapitako kamodzi. Akuti anaona zikwangwani zolembedwa pamanja zokana magalimoto ogonamo, ndipo sanawaimbe mlandu eni mudzi. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kuyambira pamenepo amagona pamalo olipira okha, mkate ndi mkaka amagula m'kasitolo ka m'mudzimo osati kunyamula zonse kuchokera m'tauni, ndipo geti la mlimi amalisiya mmene alipezera, lotseka likhale lotseka, lotsegula likhale lotsegula.

Tisanamizane, si wopuma pa ntchito aliyense ku Britain amene angagule galimoto yotere. Ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito imadya ndalama zambiri, ndipo alipo okalamba ochuluka amene nyengo yachisanu amasankha pakati pa chakudya ndi kutenthetsa nyumba. Awiriwa anagulitsa galimoto yawo yaing'ono n'kuwonjezera zimene anasunga zaka zambiri. Koma pa Monsal Trail ndi pa Kinder palibe geti lolipiritsa. Amene wabwera pa basi ndi mkate m'thumba, ngati ine, amaponda njira yomweyo.

Ndinawafunsa ngati sakangana, anthu awiri m'kachipinda kosakwana n'komwe khitchini ya kunyumba, mvula ikagwa masiku atatu osalekeza, pakuti kumeneko imagwa mwezi uliwonse. Mayi anati kukangana amakangana, makamaka pa nkhani ya mapu, chifukwa bambo amakhulupirira foni ndipo foni inawalowetsapo m'kamsewu ka mathirakitala momwe anabwerera chambuyo theka la kilomita, mpanda wa miyala uku ndi uku. Koma akuti m'galimoto mulibe chipinda china chothawirako. Ukakwiya umakhalabe pompo, mawondo akugundana ndi a mnzako, mpaka mmodzi aike ketulo pamoto. Kwa zaka makumi anayi, bambo ankachoka m'mamawa mayi n'kumabwera madzulo ndi mulu wa makope a ana asukulu. Akuti anadzadziwana bwino atakwanitsa zaka 65.

Tinasiyana nawo cha m'ma 8 koloko madzulo, dzuwa likadali pamwamba, pakuti m'mwezi wa Juni kumeneko mdima umagwa cha m'ma 10. Masokosi anali atayanikidwa pa galasi la m'mbali. Mayi anali atabwerera pa mapu awo, akuyeza ndi chingwe njira ya mawa, ya Tissington Trail, njanji inanso yakale ya makilomita 21 yochokera ku Ashbourne. Bambo anali atagwada pa udzu akupopa tayala. Tikutseka geti la famu tinamva mawu awo kumbuyo: "Bakha, gasi uja watseka?"



(Nyimbo yotsekera)